Pizza kapena pizza? Kodi mayina a zakudya ndi a mwinimwini?

Poyankhula palibe amene amavutika ndi funso limeneli, chifukwa chilembo chachikulu sichimveka m'khutu. Vuto limabuka polemba. Wokonza ndandanda ya zakudya za mu lesitilanti, womasulira buku la maphikidwe, mkonzi wa nkhani kapena mphunzitsi amene akuchonga mayeso a galamala amafika pokaikira: alembe "pizza" kapena "Pizza"? Nanga "saladi ya Caesar" aiike m'gulu liti, poti mkati mwake muli dzina la munthu?

Mayina a zakudya pafupifupi onse ndi opanda mwinimwini, ngakhale amene ali ndi chilembo chachikulu. Chimene chimasokoneza n'chakuti pali nkhani zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Pali ya galamala, yofunsa kuti dzinalo likutchula chiyani. Pali ya kalembedwe, yofunsa kuti chilembo chachikulu chikhale pati. Palinso ya malamulo a malonda, yofunsa kuti ndani ali ndi ufulu wogulitsa chinthu pogwiritsa ntchito dzinalo. Mayankho a nkhani zitatuzi sayendera limodzi nthawi zonse.

Dzina likutchula chiyani?

Dzina la mwinimwini limaloza chinthu chimodzi chodziwika, monga Tokyo, Nile kapena Nelson Mandela. Sililongosola kuti chinthucho n'chotani, ndipo mzinda wina ngakhale utafanana bwanji ndi Tokyo sungatchedwe Tokyo chifukwa cha kufananako. Dzina lopanda mwinimwini limatchula mtundu wa zinthu. Chilichonse chimene chili ndi zoyenerera za mtunduwo chimalandira dzinalo popanda wochipatsa: mzinda, mtsinje, mtsogoleri.

Tiyese ndi biryani. Lero lokha miphika yosawerengeka ya biryani yaphikidwa ku Hyderabad, ku Karachi, ku Durban ndi ku London. Yonseyo ndi biryani, malinga mpunga, zokometsera ndi nyama kapena masamba zaphikidwa m'njira yake. Mphika umodzi ukatha, dzina silithera pomwepo, ndipo wophika mawa safunika kupempha dzinalo kwa wina aliyense. Umu ndi mmene dzina lopanda mwinimwini limagwirira ntchito. Sushi, paella, injera, kimchi ndi lasagne zili m'gulu limodzi ndi mkate, supu ndi phala.

Ena amatsutsa kuti dzina la chakudya limaloza kaphikidwe kamodzi kodziwika, choncho ndi la mwinimwini. Mfundoyi imamveka bwino koma siipita patali. Munthu akanena kuti "biryani yapserera" sakunena za kaphikidwe, akunena za zimene zili mumphika. Komanso tikatsatira maganizo amenewo, ndiye kuti "njinga" nalonso ndi dzina la mwinimwini, poti limaloza kapangidwe kamodzi ka mateyala awiri ndi tcheni.

Pali njira zingapo zoyesera dzina. Yosavuta ndi kuchulukitsa ndi kuwerenga: sangweji imodzi, masangweji atatu; keke iyi, makeke awo. Ina ndi kuika mawu oti "ina" kapena "iliyonse": "ndipatseni pizza ina", "pizza iliyonse ikhale ndi tchizi". Mawu amenewa amasonyeza kuti pali zambiri za mtundu umodzi zoti munthu asankhepo. Koma njira yowerengayi isagwiritsidwe ntchito payokha. Mpunga, uchi ndi supu sitiziwerenga chimodzichimodzi, timati makapu awiri a mpunga kapena mbale zitatu za supu, komabe ndi mayina opanda mwinimwini. Mbali inayi, dzina la munthu likhoza kuwerengedwa, monga "m'kalasi muno muli a Maria awiri", koma pamenepo tanthauzo lasintha kukhala "anthu otchedwa Maria".

M'Chichewa muli njira ina yamphamvu kuposa izi, imene Chingerezi chilibe: agwirizanitsi. Taonani ziganizo ziwiri izi. "Margherita wafika." "Margherita yafika." Choyamba chikunena za munthu, ndipo ngati ndi wamkulu tinena kuti "a Margherita afika". Chachiwiri chikunena za pizza imene wina anaitanitsa. Mgwirizanitsi "ya-" akutsata dzina lobisika, lomwe ndi pizza. Woyankhula aliyense amachita zimenezi osaganizira n'komwe, ndipo potero amaulula kuti m'maganizo mwake dzinalo lasiya kuloza munthu, layamba kutchula mtundu wa chakudya. N'chimodzimodzi ndi mayina a malo. Timati "ku Cheddar" tikamanena za mudzi wa ku Somerset m'dziko la England, koma timati "cheddar chatha" kapena "cheddar yatha" tikamanena za tchizi. Kusiyana kwa "cha-" ndi "ya-" kumangosonyeza kuti mawu obwereka satenga gulu limodzi pakamwa pa anthu onse, ndipo kulibe kanthu pa funso lathuli.

Pamene dzina la munthu kapena la malo lili mkati

Apa ndi pamene pagona nkhani. Zakudya zambiri zinatchulidwa potengera munthu kapena malo. Saladi ya Caesar imagwirizanitsidwa ndi Caesar Cardini, mwini lesitilanti wochokera ku Italy amene ankagwira ntchito ku Tijuana m'dziko la Mexico, ndipo chaka chimene chimatchulidwa ndi 1924. Julius Caesar wa ku Rome alibe nayo mbali. Peach Melba, mapichesi oikidwa pa ayisikilimu n'kuthiridwa msuzi wa zipatso za raspberry, anakonza ndi Auguste Escoffier ku hotela ya Savoy ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, polemekeza woimba wa ku Australia, Nellie Melba. Pizza ya Margherita, ya matimati, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil, nkhani yofala imati inatchulidwa polemekeza Mfumukazi Margherita ya ku Italy itacheza ku Naples mu 1889.

M'mayina otere muli zigawo ziwiri, ndipo chilichonse chiyesedwe pachokha. Mu "saladi ya Caesar", mutu ndi "saladi". Mawu oti "ya Caesar" akungofotokoza kuti ndi saladi yamtundu wanji: ya letesi, tizidutswa ta buledi wokazinga, tchizi cha parmesan, dzira, mafuta a maolivi ndi madzi a mandimu. "Caesar" payekha ndi dzina la mwinimwini. Koma dzina lonse limatchula mtundu wa chakudya, ndipo likhoza kuwerengedwa: "tebulo lija laitanitsa masaladi a Caesar anayi". Choncho wophunzira akafunsidwa kuti alembe mzere kunsi kwa dzina la mwinimwini m'chiganizo chakuti "Anadya saladi ya Caesar", alembe kunsi kwa "Caesar" kokha. Akafunsidwa za dzina lonse la chakudyacho, yankho ndi lakuti ndi lopanda mwinimwini.

Dzina la mwinimwini likalowa m'chakudya limayamba kufwifwa pang'onopang'ono, ndipo sangweji ndi chitsanzo chimene chinayenda ulendo wonse. Sandwich ndi tauni ya ku Kent m'dziko la England. Dzina la tauniyo linakhala dzina la udindo, Earl of Sandwich, ndipo wachinayi kukhala pa udindowo anali John Montagu, amene anabadwa mu 1718 n'kumwalira mu 1792. Pofika 1762 mawuwa anali atalembedwa kale potchula nyama yoikidwa pakati pa magawo awiri a buledi. Chilembo chachikulu chinagwa, mawuwo anasanduka ngakhale mneni m'Chingerezi, kenako anabwerekedwa m'ziyankhulo zina. Amene akunena "masangweji" lero sakumbukira tauni kapena nduna, ndipo palibe chifukwa choti akumbukire.

Hamburger anapitirira pamenepo. Mawuwa anachokera ku mzinda wa Hamburg, monga mmene frankfurter anachokera ku Frankfurt. Oyankhula Chingerezi anawadula pakati, ngati kuti ndi "ham" ndi "burger", n'kutenga chigawo chachiwiricho kupangira mayina ena monga cheeseburger. Dzina la mzinda linathyoledwa pamalo pamene mzindawo sungadziwikenso. Carpaccio poyamba inali nyama ya ng'ombe yaiwisi yodulidwa mopyapyala, imene Giuseppe Cipriani wa ku Harry's Bar ku Venice anaitchula potengera wojambula zithunzi Vittore Carpaccio. Lero ophika amatchula carpaccio chilichonse chodulidwa mopyapyala chosaphika, kaya nsomba kaya zipatso. Nachos, tchipisi cha chimanga chothiridwa tchizi, anachokera ku dzina lachibwana la Ignacio Anaya wa ku Piedras Negras ku Mexico, amene anzake ankamutcha Nacho. Pavlova, chakudya chotsekemera, anatenga dzina la wovina wa ku Russia, Anna Pavlova, amene anayendera Australia ndi New Zealand mu 1926. Onsewa amalembedwa ndi chilembo chaching'ono m'mabuku ambiri.

Pali chizindikiro chimene chimathandiza kudziwa kuti dzina lafika pati pa ulendowu. Likamayendabe ndi mutu wake, monga saladi ya Waldorf kapena nyama ya Wellington, kawirikawiri limasunga chilembo chachikulu. Likayamba kuima palokha n'kumachulukitsidwa, monga pavlova ziwiri, chilembocho chimagwa.

Chilembo chachikulu si umboni

Ambiri anaphunzira kuti dzina la mwinimwini limayamba ndi chilembo chachikulu, kenako analitembenuza lamulolo n'kuganiza kuti chilichonse choyamba ndi chilembo chachikulu ndi dzina la mwinimwini. Kutembenuzako n'kolakwika. M'Chijeremani dzina lililonse limayamba ndi chilembo chachikulu, kaya Brot, womwe ndi mkate, kaya Berlin. Chiarabu, Chitchaina, Chihindi ndi Chiamhariki zilibe n'komwe kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, koma mayina a mwinimwini alimo. Chingerezi chimalemba masiku a sabata ndi miyezi ndi chilembo chachikulu, Chifalansa ndi Chisipanishi sizitero.

Chifalansa ndi chimene chimalekanitsa bwino malo ndi chakudya. Dera limalembedwa la Champagne, vinyo wake amalembedwa le champagne. Chilembo chasintha, ndipo ngakhale gulu la dzinalo lasintha kuchoka ku lachikazi kupita ku lachimuna. Amalembanso un camembert, un cognac, un bordeaux, onse ndi zilembo zazing'ono, ngakhale kuti Camembert ndi mudzi, ndipo Cognac ndi Bordeaux ndi matauni.

M'Chingerezi akonzi sagwirizana. Buku la malangizo a kalembedwe la bungwe la Associated Press limati dzina la malo kapena la munthu lisunge chilembo chachikulu m'dzina la chakudya, monga Swiss cheese ndi Waldorf salad, kupatula pamene chakudyacho sichidaliranso dzinalo, monga french fries. La University of Chicago Press limakonda chilembo chaching'ono pamene dzinalo silikutanthauzanso malo enieniwo, choncho limalola brussels sprouts, ndi swiss cheese ngati tchizicho sichinapangidwe ku Switzerland. Mbali zonse ziwiri zikuvomereza kuti awa ndi mayina a mitundu ya zakudya. Zikungosiyana pa ulemu woti upatsidwe kwa dzina limene lili mkatimo. Mkangano wotere sungathe pofufuza amene akulondola. Wolemba asankhe njira imodzi n'kuitsata kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Mindandanda ya zakudya ndi imene yasocheretsa anthu ambiri. Pa pepala la lesitilanti pamalembedwa "Nkhuku Yootcha ndi Mpunga", mawu aliwonse ndi chilembo chachikulu, chifukwa mzere uliwonse ukutengedwa ngati mutu wa nkhani. N'chimodzimodzi ndi mitu ya m'buku la maphikidwe. Kalembedwe kameneka n'kokongoletsa chabe, ndipo sikayenera kutsatira dzinalo likalowa m'chiganizo: "tinaitanitsa nkhuku yootcha ndi mpunga". Cholakwika china chofala ndi kupereka chilembo chachikulu kwa chakudya chifukwa choti n'chachilendo. Munthu alemba "mkate" ndi chaching'ono koma "Sushi" ndi chachikulu m'chiganizo chomwecho. Kukhala lachilendo sikusandutsa dzina kukhala la mwinimwini. Ngati wolemba akufuna kusonyeza kuti mawuwo ndi obwera, awapendeketse pamene akuwatchula koyamba, afotokoze mwachidule kuti ndi chakudya chanji, kenako apitirize ngati mawu ena onse.

Mayina a malonda ndi mayina otetezedwa

Gulu limene lili pafupi kwambiri ndi mayina a mwinimwini ndi la mayina a malonda: Big Mac, Nutella, Coca-Cola, Oreo. Dzina lotere linachita kupatsidwa ndi kampani, ndipo wina akaphika chinthu chofanana nacho ndendende sichikhala Big Mac. Apa kufanana sikukwanira, pamafunika mwini. N'chifukwa chake chilembo chachikulu chimasungidwa ngakhale pamene tikuwerenga, monga "ma Big Mac awiri". Akatswiri a galamala ena amati m'chiganizo chotere dzinalo likugwira ntchito ngati lopanda mwinimwini, poti likutchula zinthu zambiri zofanana, ndipo akunena zoona. Koma pa kalembedwe palibe kukaikira.

Tabasco amaonetsa magulu atatu m'mawu amodzi. Ndi dzina la chigawo cha dziko la Mexico. Ndi dzina la mtundu wa tsabola, ndipo pamenepo ambiri amalemba ndi chilembo chaching'ono. Ndi dzinanso la malonda la msuzi wa tsabola umene banja la McIlhenny lakhala likupanga ku Louisiana kuyambira mu 1868.

Mayina otetezedwa ndi lamulo ndi nkhani ina. Dziko la France linateteza dzina la tchizi cha Roquefort mu 1925 ndi la vinyo wa Champagne mu 1936, ndipo bungwe la European Union linakhazikitsa dongosolo lotetezera mayina a zakudya mu 1992. Munthu angaganize kuti dzina lotetezedwa ndiye la mwinimwini, losatetezedwa ndiye lopanda mwinimwini, koma sizili choncho. Feta, tchizi cha ku Greece, anatetezedwa mu 2002, ndipo khoti la bungweli linatsimikiza chitetezocho mu 2005 mayiko a Germany ndi Denmark atadandaula. M'mayiko a bungweli, feta ayenera kupangidwa m'madera ena a Greece ndi mkaka wa nkhosa, wa mbuzi osapitirira 30 pa 100 alionse. Komatu feta si dzina la malo kapena la munthu, ndipo limalembedwa ndi chilembo chaching'ono. Cheddar, lomwe ndi dzina lenileni la mudzi, aliyense ali ndi ufulu wolilemba pa tchizi chake kulikonse padziko. Chodabwitsa kwambiri ndi Stilton: tchizi cha dzinali chiyenera kupangidwa ku Derbyshire, Leicestershire kapena Nottinghamshire, ndipo mudzi wa Stilton, umene uli ku Cambridgeshire, suloledwa kupanga tchizi n'kuchigulitsa ndi dzina lake lomwe. Lamulo limalamula zolembedwa pa paketi, osati gulu la mawu.

Mitundu ya mbewu ilinso ndi mwambo wake. Akatswiri a zomera amalemba dzina la mtundu wolimidwa ndi chilembo chachikulu, ndipo mwambowu unafika mpaka kukhitchini: maapozi a Granny Smith, otchulidwa potengera Maria Ann Smith wa ku Australia, ndi mapeyala a Hass, otchulidwa potengera Rudolph Hass wa ku California. Apozi ndi peyala zimakhalabe ndi zilembo zazing'ono.

Ulendo ukhozanso kubwerera. Galu akapatsidwa dzina loti Bisiketi, mawuwo asanduka dzina la mwinimwini, ndipo agwirizanitsi asonyeza: "Bisiketi wathawa". Kampani ya Google inkatchula mitundu ya Android, pulogalamu yoyendetsa mafoni, ndi mayina a zakudya zotsekemera, kuyambira Cupcake mu 2009 mpaka Pie mu 2018. Wa mu 2011 unali Ice Cream Sandwich, kutanthauza kuti mawu amene anayamba ngati dzina la tauni, n'kukhala dzina wamba la chakudya, anapezanso chilembo chachikulu ngati dzina la pulogalamu ya foni.

Msampha wa "ya ku"

Kwa wolemba Chichewa, vuto lalikulu si chilembo koma kumasulira. Chingerezi chimangoika dzina pafupi ndi linzake osanena ubale wake. Chichewa chimakakamiza wolemba kusankha: "ya Caesar", "ya ku Hawaii", "ya mtundu wa cheddar". Kusankha kulikonse kukunena kanthu, ndipo "ya ku" akunena kuti chinthucho chinachokera kumaloko.

Hawaiian pizza, ya nyama ya nkhumba ndi chinanazi, inayambitsidwa mu 1962 ku Chatham m'chigawo cha Ontario ku Canada ndi Sam Panopoulos, amene anabadwira ku Greece. Kulemba "pizza ya ku Hawaii" ndi kunena zimene sizinachitike. German chocolate cake si keke ya ku Germany. Inatchulidwa potengera Samuel German, amene anapanga mtundu wa chokoleti chophikira mu 1852 ku kampani ya Baker's ku America, ndipo kekeyo inatchuka kumeneko kuchokera mu 1957. Bombay duck ndiye amagwetsa womasulira kawiri, chifukwa si bakha ayi, ndi nsomba. Pa mayina otere njira yabwino ndi kusiya dzina lonse mmene lilili n'kuika mutu wa Chichewa patsogolo: "pizza yotchedwa Hawaiian", "nsomba yotchedwa Bombay duck". Mawu oti "ya ku" asungidwire pamene malowo ndi gwero lenileni, monga "tchizi cha ku Switzerland" ngati chinapangidwadi kumeneko. Ngati chinapangidwa kwina potsata kapangidwe ka kumeneko, tinene kuti "cha mtundu wa ku Switzerland".

Mawu akalandiridwa m'Chichewa n'kusintha kalembedwe, monga sangweji, shampeni ndi soseji, chilembo chachikulu chilibenso malo. "Shampeni" wa chilembo chachikulu pakati pa chiganizo sakulozanso dera lililonse, chifukwa dera lija limalembedwa Champagne. Pamene dzina la munthu kapena la malo lasungidwa, lisungidwe ndi kalembedwe kake ndi chilembo chake, mutu wokha ndi umene ukhale ndi chaching'ono: saladi ya Waldorf, msuzi wa Worcestershire, bakha wa Peking.

Bakha ameneyu akubweretsa funso lina: malo akasintha dzina, chakudya chitsatire? Kawirikawiri sichitsatira. Peking analembedwa Beijing, Bombay anakhala Mumbai mu 1995, Madras anakhala Chennai mu 1996, Ceylon anakhala Sri Lanka mu 1972, koma Peking duck, Madras curry ndi tiyi wa Ceylon zikugulitsidwabe ndi mayina akale, umboni wakuti m'zakudyazi dzina la malo linauma kalekale. Koma mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, masitolo ena akuluakulu a ku Britain anasintha chicken Kiev kukhala chicken Kyiv, potsata kalembedwe ka Chiyukireniya m'malo mwa ka Chirasha. Chakudyacho, chidali cha nkhuku chokutira batala wa adyo, sichinasinthe, ndipo dzina lake lonse linali lopanda mwinimwini kale ndi pambuyo pomwe. Mkonzi amene wakumana ndi dzina lotere ayang'ane mmene ogulitsa ndi mabuku a maphikidwe a nthawi imene akulembayo akulitchulira, ndipo ngati mayina onse awiri akugwiritsidwa ntchito, atchule lakale kamodzi kuti wowerenga adziwe kuti ndi chakudya chimodzimodzi.